Agogo a ku China ndi sitima zapanyanja: ndipite nawo kapena ayi?

Gulu la Amalawi a ku China ndi abale awo

Nabanda, Shanghai:
Mwaswera bwanji nonse. Ndabwera kudzapempha nzeru. Mayi amene ndimachita lendi m'nyumba mwawo kuno ku Baoshan, a zaka 64, andipeza dzulo madzulo ndi kapepala ka ulendo wa pa sitima yapamadzi. Masiku asanu, kunyamukira padoko la Wusongkou, kukaima ku Jeju ku South Korea, n'kubwerera. Akupita ndi amuna awo, mwana wawo mmodzi yekhayo, mpongozi wawo ndi kamdzukulu ka zaka 6. Mng'ono wawo amene amayenera kupita nawo wavulala mwendo, ndiye akuti malo akewo ndilowemo ine. Chandidabwitsa n'choti mayiwa ndi aja amalolera kuyenda mtunda kukagula kabichi kumsika wakutali chifukwa ndi wotsika ndi yuan imodzi, koma uwu ndi ulendo wawo wachinayi wa pa sitima. Ndipo si iwo okha. Azimayi amene amavina nawo pabwalo madzulo, nkhani imene ili pakamwa pawo ndi youlun basi, ndiye kuti sitima zapamadzi zoyendera kokasangalala. Chikuwakoka n'chiyani anthuwa? Nanga ine ndipite?

Mayi a Tadala, Guangzhou:
Achemwali, sungani ndalama zanu. Ine ndinapitako mu 2018, kunyamukira ku Shenzhen. Ulendo wake unali wotchipa moti ndinadabwa, koma ndinamvetsa titafika ku Japan. Anatikweza mabasi padoko pomwepo, kutiimitsa pakachisi wina mphindi makumi awiri kuti tijambulitse, kenako maola atatu m'shopu yaikulu yopanda msonkho imene inali kutali ndi tauni, yodzaza ndi anthu a m'sitima mwathu mokhamokha. Mankhwala, zodzola, mapoto ophikira mpunga amagetsi. Japan yemwe ndinamuona ine ndi wa pawindo la basi. Ine ndine wageni, ndimadziwa pamene munthu akundigulitsa.

Gama, Dalian:
Achemwali a Nabanda, funso lanu lagwera pakhomo panga, poti za sitima ndi madoko ndi zimene ndikuphunzira kuno ku Dalian Maritime University. Choyamba mudziwe kuti chizolowezichi n'chachilendo kwa eni akewo. Mu 2006 ndi pamene kampani ya ku Italy ya Costa inabweretsa sitima yoyamba yoti izinyamukira ku Shanghai, Costa Allegra. Inali yaing'ono, ya anthu pafupifupi 1,000, ndipo poyamba inali yonyamula makontena asanaikonze kukhala ya alendo. Patangotha zaka khumi, mu 2016, okwera ochokera ku China anapitirira 2 miliyoni pachaka. Dziko linadumpha Germany ndi Britain, patsogolo pake panatsala America yekha. Doko la ku Tianjin linatsegulidwa mu 2010, la Wusongkou limene mwayandikana nalolo mu 2011. Mu 2015 kampani ya Royal Caribbean inatenga Quantum of the Seas, sitima yake yatsopano imene inali isanathe ndi chaka chomwe ikugwira ntchito kudera la New York, n'kuisamutsira ku Shanghai. Kale makampaniwa ankatumiza ku Asia sitima zotha ntchito. Apa anatumiza yapamtima.

Nabanda, Shanghai:
Zikomo a Gama. Koma chinasintha n'chiyani m'zaka khumi zokhazo? Ndalama zokha?

Gama, Dalian:
Ndalama inde, koma palinso zitatu. Tchuthi kuno n'chachifupi. Munthu amene wagwira ntchito zaka zosakwana khumi lamulo limamupatsa masiku asanu okha pachaka, kupatula sabata ya chikondwerero cha chaka chatsopano chawo ndi sabata ya kumayambiriro kwa Okutobala. Ulendo wa mausiku anayi kapena asanu umakwana bwinobwino, ndipo Japan ndi Korea zili pafupi, usiku umodzi kapena awiri wafika. Chachiwiri ndi viza. Kuyambira mu 2015 Japan inalola okwera sitima zovomerezeka kutsika padoko popanda kukafola ku ofesi ya kazembe, pamene wa pa ndege ankafunika kuonetsa mapepala a kubanki. Chachitatu, chomwe ine ndimachiona chachikulu, ndi opuma pa ntchito. Mpaka chaka cha 2024 azimayi ambiri ankapuma ali ndi zaka 50 kapena 55, abambo 60. Ayamba kukweza pang'onopang'ono kuyambira Januwale 2025. Ndiye muli ndi anthu mamiliyoni amphamvu zawo, apenshoni, amene unyamata wawo wonse sanatulukepo m'dziko.

Wa pa Sitima, Durban:
Moni nonse. Nthawi zambiri ndimangowerenga, koma apa ndiloleni. Ndinagwira makontirakiti atatu ngati woperekera zakudya pa sitima yonyamukira ku Shanghai ndi Tianjin, pakati pa 2015 ndi 2019. Ndisanapite kumeneko ndinali pa sitima za ku Mediterranean, ndiye kusiyanako ndinakuona ndi maso.

Ku Ulaya masana anthu amagona pamipando ya pafupi ndi dziwe kuwothera dzuwa, bala imakhala yodzaza kuyambira m'ma 11. Titafika ku Shanghai mipando ija inali yopanda munthu. Azimayi amatuluka panja atafunda ambulera ndi zipewa zazikulu, safuna dzuwa liwakhudze. Anzanga a ku bala ankangopukuta matambula. Chimene chinatisowetsa mtendere sabata yoyamba ndi madzi otentha. Aliyense ali ndi fulasiki yake yokhala ndi masamba a tiyi pansi, ndipo madzi ozizira samwa, amati amawononga m'mimba. Mpaka anachita kuika matanki a madzi otentha m'malo onse odyera ndi maketulo m'zipinda. M'mawa kukamacha, cha m'ma 5:30, mupeza agogo pamwamba pa sitima akuchita tai chi, masewera awo olimbitsa thupi ochita pang'onopang'ono, mphepo ikuwomba. Ikakwana 6:30 onse ali pakhomo la chipinda chodyera. Chimene amafuna ndi phala la mpunga, ndiwo zowawasa za m'mchere, mazira owiritsa ndi tiziphuthu tofutsa ndi nthunzi. Nyama yowotcha ya mpeni ndi foloko ija amailawa tsiku loyamba kuti ajambule, tsiku lachiwiri akufunsa komwe kuli ma noodles. Masana matebulo a masewera awo otchedwa mahjong, usiku kuvina kwa gulu kuja mukunena, kenako karaoke. Ana awo, a zaka za m'ma 30 ndi 40, ndi amene ankapezeka ku kasino sitima ikatuluka m'madzi a China, poti kumtunda njuga n'zoletsedwa kupatula ku Macau.

Koma chimene sindidzaiwala ndi matebulo. Ku Ulaya tebulo la anthu awiri ndiye linkafunidwa kwambiri. Ku China ayi. Asanu ndi mmodzi, asanu ndi awiri: agogo a kuchimuna, agogo a kuchikazi, makolo awiri, kamwana kamodzi pakati. Anthu akuluakulu asanu ndi mmodzi kuyang'ana kamwa limodzi ngati likutafuna. Lamulo la mwana mmodzi lija, la 1980 mpaka 2015, ine ndinaliwerenga patebulo.

Mayi a Tadala, Guangzhou:
Achimwene, zonsezo n'zoona, koma za mashopu mukuzilambalala. Inu munali mkati, tiuzeni chilungamo.

Wa pa Sitima, Durban:
Sindikuzilambalala mayi. Zimene munakumana nazo ndi zenizeni ndipo gwero lake ndikulidziwa. Nthawi imeneyo makampani a sitima sankagulitsa matikiti kwa munthu mwachindunji. Ma ejenti a maulendo a ku China ankagula sitima yonse kapena theka, amati baochuan, n'kumagulitsa okha zipindazo. Tsiku lonyamuka likayandikira zipinda zisanathe, ankagwetsa mtengo mpaka pansi penipeni, bola munthu alowe. Nanga ndalama ija abweza bwanji? Kumtunda. Shopu inkawapatsa kangachepe pa mutu uliwonse wotsika m'basi ndi pa katundu aliyense wogulidwa. Pa maulendo ena amene akufuna kuyenda yekha osakwera basi ankamulipiritsa ndalama yapadera. Ndiye mwanena zoona kuti munagulitsidwa. Ife ogwira ntchito zinkatipwetekanso, chifukwa munthu wolowa ndi tikiti yotchipa chonchija sagula kanthu m'sitima. N'chifukwa chake ena anathawa. Norwegian Joy anaimanga mu 2017 moganizira anthu a ku China enieni, yokhala ndi zipinda za tiyi, za karaoke ndi mashopu aakulu. Pofika 2019 anali ataikonzanso n'kuipititsa ku Alaska. Majestic Princess nayo inabwera mu 2017 ndi dzina lachitchaina pambali pake, posakhalitsa inapezeka ku Australia.

Pomwe ndikusiyana nanu ndi apa. Inu munapita kuti mukaone Japan, ndiye munakhumudwa. Agogo aja ambiri doko silinali nkhani kwa iwo. Ena sankatsika n'komwe.

A Mbewe, Monkey Bay:
Ana anga, ine ndinalowa m'gululi chifukwa cha mwana wanga amene ali pasukulu ku Nanjing, ndipo zambiri zimene mumakamba ndimangomvetsera. Koma ya sitimayi yandikhudza, poti moyo wanga wonse ndakhala m'mbali mwa doko. Ife kuno Ilala yakhala pamadzi kuyambira 1951. Anaimanga ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa, anailumikizira konkuno. Wokwera Ilala amakhala ndi kopita: wa ku Likoma ndi matumba a ufa, wa ku Chizumulu ndi malata, wa ku Usisya kapena Ruarwe kumene msewu ndi wovuta. Tsono ndithandizeni. Munthu akwera sitima ku Shanghai, ayenda masiku asanu, atsikira pomwe anakwerera paja, ndipo mwanena kuti ena padoko lapakati satsika. Ameneyo wapita kuti? Sindikunyoza, ndikufuna kumvetsa.

Thoko, Wuhan:
Agogo a Mbewe, funso lanulo ndi limene ndinali nalo ine. Kuno kuli zofanana koma za pamtsinje. Sitima zoyenda pa Yangtze pakati pa Chongqing ndi Yichang, kudutsa m'zigwembe zitatu zija mpaka padamu la Three Gorges, masiku anayi potsika, asanu pokwera. Aphunzitsi anga anatumiza makolo awo chaka chatha. Ndinawafunsa chifukwa chake osawakweza sitima yapamtunda yothamanga ija, poti imatenga maola ochepa. Anandiyankha kuti bambo awo ali ndi vuto la mawondo. Paulendo wapamtunda wa gulu amayenera kudzuka mdima, kulongedza chikwama tsiku lililonse, kuthamangira mbendera ya wotsogolera. Pa sitima amamasula chikwama kamodzi, mapiri amabwera okha pawindo. Kuno mwana amene satengera makolo ake kokayenda anthu amamuona ngati wosaleredwa bwino, ndiye sitima imamuthandiza kukwaniritsa udindowo mosavutitsa okalambawo.

Koma a Nabanda, anthu a kuno sanaiwale za pa 1 Juni 2015, pamene Eastern Star inagubuduzika ndi mphepo yamkuntho usiku ku Jianli, m'chigawo chomwe chino cha Hubei. Anthu 442 anafa, ambiri anali okalamba ochokera kudera la Nanjing ndi Shanghai amene anapita kokasangalala. Inali sitima ya pamtsinje, yaing'ono poyerekeza ndi za panyanja, koma tsiku loyamba akamaphunzitsa za majekete opulumukira musakhale pafoni.

A Mbewe, Monkey Bay:
Wanena bwino mwana wanga. Ife tili ndi sitima ya Vipya imene inamira pa nyanja yathu mu 1946, makolo athu ankaisimba mpaka kumwalira kwawo. Madzi saseweretsa. Za mawondozo ndazimva ndithu, poti anga nawo ayamba.

Gama, Dalian:
Ndiwonjezere mbali imene imandidetsa nkhawa pa malondawa. Amakula msanga koma ndale zikangotembenuka amagwa tsiku limodzi, chifukwa madoko ofikirika m'masiku asanu kuchokera ku Shanghai ndi Tianjin ndi a mayiko awiri okha, Japan ndi Korea. Mu Malichi 2017, South Korea italola America kuika zida zotchinga mizinga za THAAD, China inaimitsa maulendo a magulu opita ku Korea. Mwezi womwewo anthu pafupifupi 3,400 amene anali pa Costa Serena anakana kutsika ku Jeju, mabasi ali ndandanda padoko kuwadikira. Sitima zonse zinakhamukira ku Fukuoka, Nagasaki ndi Okinawa. Kenako Januwale 2020 zonse zinaima chifukwa cha Covid, ndipo dziko lonse linaonera sitima ya Diamond Princess itatsekeredwa ku Yokohama, anthu oposa 700 atadwala. Genting Hong Kong, eni ake a Dream Cruises amene ankanyamukira kwanu ku Nansha, Mayi a Tadala, inagwa mu Januwale 2022. China inaloleza maulendo akunja kuyambiranso mu 2023, patatha zaka zitatu. Ndipo mu Novembala 2025, boma litalangiza nzika zake kuti zisamapite ku Japan chifukwa cha mawu a nduna yaikulu ya kumeneko pa nkhani ya Taiwan, sitima zinayamba kuchotsa madoko a Japan n'kutembenukira ku Korea. Mwina n'chifukwa chake kapepala ka a Nabanda kali ndi Jeju yekha.

Wa pa Sitima, Durban:
Ya 2017 ndinali momwemo. Tinangouzidwa usiku kuti mawa ku Busan sitikuima. Ndinkayembekeza kuti anthu akwiya, koma agogo anangofunsa ngati chakudya chamasana chilipo nthawi yake yomwe ija. 2020 ndiye inandibweza kumtunda. Tsopano ndili kuno ku Durban, ndimaona sitima za MSC zikutenga anthu kupita ku Portuguese Island ndi Pomene ku Mozambique nyengo yotentha. Nazonso ndi za mausiku atatu kapena anayi, nazonso zimadzaza ndi mabanja ndi magulu a azimayi osonkherana ndalama chaka chonse. Kusiyana kwake kuno bala sipuma.

Nabanda, Shanghai:
Ndayang'ananso kapepala kaja. Sitima yake ndi Adora Magic City. Mayi aja anachita kuloza dzinalo ndi chala kawiri, akuti iyi ndi yathu.

Gama, Dalian:
Eya, ndiye mwapeza chifukwa china. Imeneyo ndi sitima yaikulu ya alendo yoyamba kumangidwa mu China, ku Waigaoqiao komweko ku Shanghai, mtunda wochepa kuchokera pomwe mukukhala. Anaipereka mu Novembala 2023, ulendo woyamba wa alendo unali pa 1 Januwale 2024. Kutalika mamita 323, zipinda 2,125, imatha kunyamula alendo 5,246. Mudziwe kuti China imamanga sitima zakatundu zambiri kuposa dziko lililonse, koma za mtundu uwu zinali m'manja mwa Italy, Germany, France ndi Finland. Chovuta si chitsulo chakunjacho ayi, ndi zamkati: mapaipi, mawaya, makhitchini, njira zothawira moto, zidutswa zokwana 25 miliyoni. Japan inayesa kudzera ku Mitsubishi, inaluza ndalama zambiri n'kusiya. Iyi anaimanga mothandizana ndi kampani ya Fincantieri ya ku Italy, ndipo yachiwiri yokulirapo, Adora Flora City, anaikonzera doko la Guangzhou. Aphunzitsi athu akamaikamba nkhope zimawala. Kwa mayi a zaka 64 amene anakula akugula mpunga ndi makuponi, kukwera chinthu chotere chomangidwa m'tauni mwawo si nkhani yaing'ono.

Akunja nawo anabwerera: MSC Bellissima mu Malichi 2024, Spectrum of the Seas mu Epulo. Ndipo amene anazolowera za masiku asanu ayamba kupita kutali. Mu 2015 Costa Atlantica inanyamuka ku Shanghai ulendo wozungulira dziko wa masiku 86. Kampani ya Viking ili ndi sitima pa mitsinje ya Rhine ndi Danube ku Ulaya zomwe ogwira ntchito amalankhula Chitchaina. Covid isanabwere, pa alendo opita ku Antarctica anthu a ku China anali achiwiri kwa a ku America.

Mayi a Tadala, Guangzhou:
Chabwino, ndamva. Koma ine ndikadali pomwepo pa nkhani ya basi. A Nabanda, mukapita mufunsiretu musanalipire ngati mukuloledwa kuyenda nokha ku Jeju, ndipo akuyankheni polemba pa WeChat, osati pakamwa. Chinanso chomwe palibe wanena: pasipoti yanu si yawo. Zoti iwo amatsika popanda viza sizitanthauza kuti inunso mutero. Funsani kampani ya sitimayo, osati ejenti yekha, ndipo muonetsetse kuti chilolezo chanu chokhalira mu China sichikutha musanabwerere. Ndikudziwa mtsikana wina wa ku West Africa amene anabwezedwa padoko chikwama chili m'manja, anzake akulowa.

Admin:
Mfundo ya Mayi a Tadalayi ndaipachika pamwamba kuti aliyense aione.

Nabanda, Shanghai:
Pepani ndinasowa, ndinatsikira kwa mayi aja. Ndinaganiza kuti m'malo moti tizingowaganizira, ndiwafunse eni ake funso la a Mbewe lija. Ndinawapeza akusenda adyo. Ndinati, ayi, liwu la Chitchaina osati lokana lija, poti ndi mmene timawaitanira azimayi aakulu kuno, Jeju munapitako kale kawiri, mukukatani kachitatu? Anaseka, akuti Jeju alibe nayo ntchito, ulendo wathawu sanatsike. Kenako anasiya adyo uja n'kuyamba kuwerenga ndi zala. Akuti kuyambira pamene mdzukulu anabadwa, iwo ndi amene amadzuka 5 koloko kuphika, kumuperekeza kusukulu, kukagula ndiwo, kukamutenga, kuphikanso. Mwana wawo amachoka m'nyumba 7 m'mawa, amabwera 10 usiku, nthawi zina ndi Loweruka lomwe. Amadya ataimirira, foni ili kukhutu. Amakhala nyumba zoyandikana koma mwezi umatha osakhala naye pansi. Pa sitima, akuti, intaneti ndi yodula ndiponso yochedwa, abwana ake samupeza. Masiku asanu iwo sagwira mpeni kapena mbale, ndipo mwana wawo amakhala moyang'anana nawo patebulo katatu patsiku, n'kumawaikira nsomba m'mbale ngati mmene iwo ankamuchitira ali wamng'ono. Atanena zimenezo anatenganso adyo wawo, osandiyang'ana.

Ine ndinakwera masitepe ndikuganiza za amayi anga ku Dedza, amene akulera ana anga awiri kuti ine ndikhale kuno.

A Mbewe, Monkey Bay:
Tsopano ndamva kumene amapita. Muwapatse moni mayi amenewo, muwauze kuti wachokera kwa mkulu wina wa kunyanja ya ku Malawi.

Mayi a Tadala, Guangzhou:
Pitani achemwali. Koma za viza zija mawa m'mawa ndithu.

Nabanda, Shanghai:
Ndawalembera kale a kampani, ndatumiza ndi chithunzi cha pasipoti ndi cha chilolezo. Akandilola ndipita. Achimwene a ku Durban, ine sindinakwerepo ngakhale bwato. Nditenge chiyani?

Wa pa Sitima, Durban:
Jinja wouma kapena maswiti ake, ndi mapiritsi a chizungulire, mumwe sitima isananyamuke osati mutayamba kale kumva nseru. Ngati n'kotheka pemphani chipinda chapakati, chapansiko, kumeneko sikugwedezeka kwambiri. Juzi yokhuthala, chifukwa pamwamba pamazizira ngakhale kumtunda kukutentha. Fulasiki yanu, musadalire ya eni nyumba. Chakudya cham'mawa mupite mochedwerako, cha m'ma 8, gulu loyamba litatuluka. Ndipo ponyamuka madzulo musakhale m'chipinda. Kwerani pamwamba, mbali ya kumbuyo, muone pamene mtsinje wa Huangpu ukuthira mu Yangtze, sitima zamakontena zili mbali zonse. Madzi ake amakhala ofiirira ngati a Shire nthawi ya dzinja, ndipo mudzagona akadali otero. Mukadzuke 5:30 pamodzi ndi agogo a tai chi mukaone mtundu umene adzakhale atasanduka.

A Mbewe, Monkey Bay:
Ndipo mukapeza mpata mundijambulireko zingwe zimene amamangira padoko, ndi nangula wake. Ndikufuna ndikaonetse anzanga a kuno kukula kwake.